Njira zosungunulira mpweya wa CO2 m'thanki ya nsomba yokhala ndi zomera

Zikomo amfumu, akuluakulu, aphunzitsi, amayi ndi abambo, ndiponso inu achinyamata amene mwachokera kuno ku Ulongwe, ku Domwe ndi ku Tsangano. Ambiri mwa inu mumadziwa kuweta nsomba m'maiwe okumba, koma lero ndapemphedwa kukamba za uweto wina, wa nsomba zing'onozing'ono zokongoletsa nyumba zimene zimakhala m'thanki yagalasi, ija timaitcha akwariyo, makamaka thanki imene mwabzalidwa zomera zamoyo. Dandaulo limene ndimamva kawirikawiri ndi lakuti zomera zimafika zili zobiriwira bwino, koma pakapita milungu ingapo masamba amayamba kuyezuka ndi kuola, ndere n'kukuta galasi lonse, ngakhale mwini wake anagula nyale yowala kwambiri ndiponso amathira feteleza. Nthawi zambiri chimene chimasowa m'thanki yotere ndi mpweya wa carbon dioxide, umene pachidule timati CO2.

Chomera chilichonse chobiriwira chimapanga chakudya chake kuchokera ku kuwala, madzi ndi mpweya umenewu. Chimanga ndi mbatatesi za m'minda yathu sizivutika kuupeza, chifukwa mumlengalenga ulimo magawo pafupifupi 420 pa miliyoni, ndipo mphepo imaubweretsa pa tsamba nthawi zonse. Chomera chomira m'madzi chili ndi vuto, pakuti m'madzi mpweyawu umayenda pang'onopang'ono kuwirikiza ka 10,000 poyerekeza ndi mumlengalenga. Madzi ongokhala pamtunda amasunga CO2 wosakwana miligalamu imodzi pa lita, ndipo nsomba zikamapuma zimangowonjezera pang'ono. Nyale ikakhala yamphamvu, zomera zimamaliza kochepako m'maola oyambirira, kenako zimaima kukula, ndipo kuwala ndi feteleza zotsalazo zimadyedwa ndi ndere. N'chifukwa chake alimi a zomera za m'madzi amafuna kuti masana m'thanki mukhale mamiligalamu 20 mpaka 30 pa lita. Munthu amene anatchukitsa kwambiri mchitidwe umenewu ndi Takashi Amano wa ku Japan, yemwe anayamba ndi kuthira madzi a soda m'thanki yake n'kuona zomera zikutsitsimuka, ndipo ndi yemweyo amene mu 2015 anakonza nkhalango ya pansi pa madzi ya malita 160,000 ku Oceanário de Lisboa, nyumba yaikulu yoonetsera zamoyo za m'madzi ku Portugal.

Tsono pano ndikupempha kuti mumvetsere bwino, chifukwa ndi pamene ambiri amataya ndalama. Zomera zimadalira mpweya umene wasungunuka m'madzi, ndipo thovu lililonse limene lakwera mpaka pamwamba n'kuphulika lapita pachabe. Munthu akhoza kugula silinda yodula ya CO2, n'kumaona mathovu akuluakulu akukwera mokongola tsiku lonse, koma zomera zake zili ndi njala. Kuti mpweya usungunuke, thovu liyenera kukhala laling'ono, liyenera kukhalitsa m'madzi, ndipo madziwo ayenera kumayenda kuti mpweya wosungunukawo ufike pa tsamba lililonse. Amayi akudziwa kuti mchere wosinja umasungunuka msanga mu ndiwo kuposa wa mibulu, ndipo n'chimodzimodzi ndi mpweya: thovu limodzi likagawidwa kukhala timathovu tambirimbiri, mbali yokhudzana ndi madzi imakula kwambiri. Njira zonse zimene nditchule zikungoyesa kukwaniritsa zinthu zimenezi, iliyonse mwa mtundu wake.

Njira yosafuna ndalama ndi ya chivundikiro. Mumadula botolo la pulasitiki, n'kulimatika chozondotsa m'kati mwa thanki, ndipo kapaipi ka mpweya kamathera pansi pake. Mpweya umasonkhana m'menemo n'kumalowa m'madzi pang'onopang'ono. Chivundikiro chachikulu m'mimba mwake chimagwira bwino kuposa chachitali chopapatiza, ndipo pamafunika kumatulutsa mpweya wotsalira masiku angapo aliwonse, chifukwa mipweya ina ya m'madzi imalowamo n'kutenga malo. Njirayi imakwanira thanki yaing'ono yokha. Yofanana nayo ndi ya kamakwerero ka pulasitiki, kamene kamakakamiza thovu kuyenda mokhotakhota m'malo mokwera molunjika, ndipo mumaliona ndi maso likuchepa pamene likukwera.

Chida chimene chimagulitsidwa kwambiri ndi difyuza, kambale ka dongo lootcha kokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, kamene kamatulutsa mpweya ngati nkhungu. Ndikhalitsapo pa chida chimenechi chifukwa ambiri amachigula koma amachiika molakwika. Difyuza iikidwe pansi penipeni pa thanki, pamalo pamene madzi ochokera ku fyuluta, chida chosefera madzi, amadutsa mwamphamvu, kuti nkhunguyo ikankhidwire cham'mbali ndi pansi m'malo mokwera. Mukaiika pakona pamene madzi sayenda, zomera za pafupi zidzakula koma za kutali zidzafooka, ndipo inu mudzaganiza kuti mpweya ukuchepa n'kuwonjezera mpaka kuvulaza nsomba. Pakapita milungu ingapo ndere zimatseka timabowo, ndipo chizindikiro chake ndi chakuti timathovu timayamba kukula n'kumatulukira mbali imodzi. Musakwechese kambaleko ndi burashi, chifukwa mudzawononga timabowoto. Kaviikeni kwa mphindi zingapo m'madzi osakaniza ndi mankhwala oyeretsera zovala monga Javel kapena Jik, mukatsukuluze mobwerezabwereza, ndipo mukaviikenso m'madzi othira mankhwala ochotsa klorini musanakabwezere, pakuti klorini ngakhale wochepa amapha nsomba. Dziwaninso kuti difyuza imafuna mpweya wokankha mwamphamvu. Kamwala wamba kaja kotulutsa mathovu a mpweya wopumira nsomba sikoyenera pa ntchito imeneyi, chifukwa mathovu ake ndi aakulu.

Kwa amene ali ndi pampu yaing'ono ya m'madzi, pali njira yotsika mtengo imene imagwira bwino ndithu. Kapaipi ka CO2 mumakalowetsa pakamwa pamene pampu imakokera madzi, ndipo kapupa kozungulira ka m'kati mwake kamaphwanya thovu lililonse n'kulimwaza m'thanki yonse. Kuipa kwake ndi kaphokoso kamene kamamveka thovu likamaphwanyidwa, ndiponso mpweya ukachuluka pampu imatha kutsamwa n'kusiya kukoka madzi.

Njira imene ine ndimaikhulupirira kwambiri pa thanki yaikulu, ya malita 200 kapena kupitirira, ndi ya riyakita, ndipo mnyamata aliyense wodziwa kulumikiza mapaipi a madzi akhoza kuipanga. Mumatenga paipi ya PVC yonenepa, yotalika pafupifupi theka la mita, n'kuiimika chilili kunja kwa thanki. Madzi ochokera ku fyuluta amalowera pamwamba n'kutulukira pansi, ndipo mpweya umalowetsedwa chapamwamba. Thovu limafuna kukwera, madzi akulikankhira pansi, choncho limangozungulira m'menemo mpaka litatha. Paipiyo iyenera kukhala yonenepa kuposa yobweretsa madzi, kuti m'kati mwake madzi ayende mofatsa, apo ayi adzakokera mathovu kunja asanasungunuke. Ikapangidwa bwino, pafupifupi mpweya wonse umasungunuka, madzi a m'thanki amakhala oyera opanda nkhungu, ndipo silinda imakhalitsa. Imachepetsako mphamvu ya fyuluta, choncho imafuna pampu yokulirapo.

Simungasankhe njira yosungunulira musanadziwe kumene mpweya wanu uchokere. Ambiri pano adzayamba ndi yisiti, ndipo palibe cholakwika. M'botolo la malita awiri mumathira kapu imodzi ya shuga, theka la sipuni yaing'ono ya yisiti ndi madzi ofunda, kusiya mpata pamwamba. Yisiti amadya shuga n'kutulutsa mowa ndi CO2, ndipo pafupifupi theka la kulemera kwa shugayo limasanduka mpweya. Pakati pa botololi ndi thanki muikepo kabotolo kena kokhala ndi madzi pang'ono, kuti thovu la mowa likasefukira lisakafike kwa nsomba, ndiponso kavalavu koletsa madzi a m'thanki kubwerera. Botolo la yisiti musalitseke konse pofuna kuimitsa mpweya, chifukwa likhoza kuphulika. Popeza mphamvu yake ndi yochepa, limayenda bwino ndi chivundikiro, kamakwerero kapena pampu, pamene difyuza nthawi zambiri imapangitsa kuti mpweya uzithawira pa chitsekerero cha botolo.

Nyengo ya m'chigawo chathu imalowererapo kwambiri apa. Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, yisiti amawira mwamphamvu masiku oyamba n'kutha msanga. Kuno kumapiri a Angónia, m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, amagwira ntchito mwaulesi, makamaka usiku ndi m'mawa. Kukwera ndi kutsika kumeneku kumavutitsa zomera kuposa kuchepa kwa mpweya kokhazikika, ndipo ndi kumene kumabweretsa ndere zakuda zija zomera m'mphepete mwa masamba. Mankhwala ake ndi kulumikiza mabotolo awiri n'kumawasintha mosinthanasinthana, limodzi sabata ino, lina sabata yamawa.

Silinda imapereka mpweya wokhazikika, koma imafuna ulemu. M'kati mwake CO2 amakhala wamadzimadzi, pa mphamvu ya mabar pafupifupi 57 kukakhala madigiri 20, ndipo mphamvuyo imakwera kwambiri kukatentha. Choncho silinda iziima chilili, yomangidwa kuti isagwe, pamthunzi, m'chipinda chopita mphepo, ndipo isasiyidwe m'galimoto yoima padzuwa. Pamafunika regulator yochepetsa mphamvuyo, kavalavu kosinthira pang'onopang'ono, ndi kabotolo kowerengera mathovu. Pokadzazitsa, onetsetsani kuti ndi CO2 weniweni, chifukwa owotcherera zitsulo ena amagwiritsa ntchito wosakaniza ndi mpweya wina wotchedwa argon.

Nanga mungadziwe bwanji kuti wasungunuka wokwanira? Kuwerenga mathovu kumangokuuzani umene walowa. Pali kagalasi kotchedwa drop checker, kamene mumathiramo madzi a KH 4 (KH ndi muyeso wa kulimba kwa madzi) osakaniza ndi mankhwala a bromothymol blue, n'kukamatika m'thanki kutali ndi difyuza. Mtundu ukakhala wabuluu mpweya ndi wochepa, ukakhala wobiriwira muli pafupi ndi mamiligalamu 30, ukafika pachikasu mwapyola ndipo nsomba zili pangozi. Kagalasika kamachedwa ndi ola limodzi kapena awiri, choncho mukasintha valavu dikirani, musasinthenso nthawi yomweyo. Amene ali ndi choyezera pH, muyeso umene umatsika asidi akachuluka m'madzi, atunge madzi a m'thanki m'kapu, awasiye tsiku lathunthu kapena awiri kuti mpweya uchoke, ayeze, kenako ayerekeze ndi a m'thanki masana. pH ikatsika ndi 1.0, mpweya uli pafupi ndi mlingo wofunikawo. Koma choyezera chimene sichinama ndi nsomba zanu. Zikayamba kusonkhana pamwamba n'kumapuma mofulumira, imitsani mpweya nthawi yomweyo, vundulani pamwamba pa madzi, ndipo sinthani gawo lina la madziwo. Chimene chimachitika n'chakuti CO2 akachuluka m'madzi, nsomba imalephera kutulutsa wa m'magazi mwake, ndipo magaziwo satenganso okosijeni mokwanira.

Usiku zomera sizigwiritsa ntchito CO2, ndipo nazonso zimapuma okosijeni monga nsomba. Amene ali ndi silinda aikepo valavu yamagetsi yolumikizidwa ku wotchi, kuti mpweya uziyamba ola limodzi kapena awiri nyale isanayake, n'kuima ola limodzi isanazime. Valavu imeneyi ili ndi ubwino winanso, wakuti magetsi akathima imadzitseka yokha, pamene botolo la yisiti limapitiriza kutulutsa mpweya m'madzi amene asiya kuyenda. Wa yisiti azichotsa kapaipi m'thanki madzulo ndi nthawi imene magetsi athima, kapena aziyatsa pampu ya mpweya wamba usiku. Abale athu okhala kuchigwa cha Zambezi asamale kwambiri pa mfundoyi, chifukwa madzi a madigiri 30 amasunga okosijeni wokwana mamiligalamu 7.5 okha pa lita, pamene a madigiri 20 amasunga pafupifupi 9, chonsecho nsomba zimafuna okosijeni wambiri kukatentha. Kumeneko ndi bwino kukhala chakumunsi kwa mlingo wa CO2, pafupi ndi mamiligalamu 20 pa lita, ndipo pamwamba pa madzi pazigwedezeka pang'ono nthawi zonse, ngakhale kuti kutero kumataya mpweya wina.

Pali ena mwa inu amene ndikuwalangiza kuti asayambe n'komwe. Ngati mukuweta mbuna za ku nyanja ya Malawi, imene kuno timaitchanso Niassa, nsomba zimenezo zinazolowera madzi a pH yokwera, ndipo CO2 amaitsitsa. Zimakondanso kukumba ndi kubudula zomera. Ngati mwabzala Anubias, Java fern kapena Vallisneria pansi pa nyale yofatsa, zomera zimenezo zimakula popanda kuwonjezera mpweya, ndipo Vallisneria, imene imamera yokha m'malo osaya a nyanja yomweyo, imatha kutenga kaboni kuchokera ku mchere wa bicarbonate wa m'madzi olimba, monga a m'mijigo yambiri. Amene akufuna zomera zofiira kapena zoyala pansi ngati kapinga ndi amene akufunika zonse zimene ndafotokozazi, ndipo iwowo ayambe ndi thovu limodzi pa masekondi awiri kapena atatu, aziwonjezera pang'ono pakapita masiku, pa tsiku limene ali pakhomo kuti aziona nsomba zawo.

Amfumu, ngati mungalole, ndilandire mafunso tsopano, ndipo pambuyo pake achinyamata asendere pafupi kuti tidule paipi ya riyakita ndi kuilumikiza pamodzi. Zikomo kwambiri.