Kusintha Kabureta pa Kombi Yakale: Petulo Wodontha ndi Petulo Wochepa

Zikomo nonse amene mwabwera. Ambiri mwamva kale zimene zamuonekera mnzathu wa m'gulu lino masiku apitawa. Kombi yake ya Volkswagen, imene anaimanga kwa zaka ziwiri, inagwira moto pa ulendo wachitatu chichokereni m'garaja. Mwiniwake anatuluka wamoyo, ndipo tikuyamika, koma kumbuyo konse kunapsa. Titapita kukaona, tinapeza kuti kapaipi kamkuwa kolowetsa petulo mu kabureta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, kanazuka. Kapaipi kameneka kalibe mazinga, kamangokhomeredwa, ndipo iye anali atapachika sefa ya pulasitiki pa paipi yochokera ku pampu, moti kulemera kwa sefayo pamodzi ndi kunjenjemera kwa injini zinakagwedeza pang'onopang'ono mpaka kanatuluka. Petulo anathovokera pa distributor, chipangizo chogawa moto ku mapulagi, pamene pamathetheka moto nthawi zonse injini ikamalira.

Abale anga, pa Kombi injini ili kumbuyo, ndipo thanki ili pamwamba pa injiniyo chakutsogolo kwake, choncho paipi ikapsa, petulo amatsika yekha kudzadyetsa motowo ngakhale mutazimitsa kiyi. Chibokosi cha injini ya 1600 chili ndi magnesium wambiri, ndipo chikayaka, madzi amangokolezera. Ndiye gwirani mawu awa, ndiwabwereza mpaka mutope nawo: petulo wodontha amawotcha injini kunja, petulo wochepa amaiwotcha mkati.

Za wochepayo ndi zimene ambiri simuziopa, chifukwa sizioneka ndi maso. Injini imeneyi ilibe madzi oiziziritsa, imadalira mphepo ya fani, oyilo, ndiponso petulo weniweniyo, amene amachotsako kutentha m'silinda. Petulo amapsa yense pakakhala magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, koma Kombi yolemera ikamakwera mtunda imafuna petulo wochulukirapo, mpweya utsike kufika cha pa 13. Mukakulitsa masilinda, kapena kuika ekizozi yotulutsa utsi momasuka, n'kusiya jeti yakale ija, kabowo koyeza petulo mu kabureta, mwaimana injini chakudya. Imayendabe bwinobwino, mwina n'kumaoneka ngati yachangamuka, kufikira tsiku limene valavu yotulutsa utsi idzaduka mutu. Pa injini zopangidwa chisanafike chaka cha 1971 imayamba kuvutika ndi silinda yachitatu, popeza choziziritsira oyilo chinali m'kati mwa chivundikiro cha fani, n'kumatenthetsa mphepo yopita mbali imeneyo. Ndinatsegulapo injini ya wachinyamata wina amene anachepetsa dala jeti kuti asunge mafuta, ndipo pa pisitoni ndinapeza bowo lolowa chala changa chachikulu. Mtima unandiwawa, chifukwa zina zonse anazimanga mosamala kwambiri.

Eya bambo, ndakuonani mwakweza dzanja, funsani.

"Nanga tikachotsa kabureta ya Solex n'kuika makabureta awiri a Weber, vuto la petulo wochepa silitha?"

Mwafunsa bwino, ndipo ambiri amaganiza choncho. Ayi bambo, silitha lokha, chifukwa chimene chimayeza petulo ndi jeti, kukula kwa kabureta kumangopereka njira ya mpweya. Makabureta awiri ali ndi ubwino wake weniweni: aliyense amakhala pafupi ndi masilinda ake, njira ya petulo imafupika, ndipo ngakhale fakitale inaika makabureta awiri a Solex pa Kombi za injini ya 1700 zimene zinayamba mu 1972. Koma mukatenga Weber 40 IDF n'kuiika pa injini ya 1600 yosasinthidwa kanthu, osachepetsa khosi lake lamkati, mpweya umadutsa mwaulesi ndipo sukoka petulo bwino injini ikamazungulira pang'onopang'ono, pamene Kombi imathera nthawi yake yambiri. Injini yotere imakhutira ndi timakabureta tiwiri ta Weber 34 ICT, kapena Solex 34 PICT-3 yokonzedwa bwino. Komanso makabureta awiri ayenera kukoka mpweya mofanana, apo ayi mbali imodzi idzagwira ntchito ya mbali zonse n'kutentha. Dziwaninso kuti malo olumikiza mapaipi achuluka, ndiye malo odontha nawonso achuluka. Ena mumakonda Weber 32/36 yokhala pakati, koma mumadula timapaipi tobweretsa kutentha kwa ekizozi ku manifold, paipi yopititsa petulo ndi mpweya ku masilinda, ati timanyansa. Musatero chonde, popanda kutentha kumeneko petulo amasanduka madontho m'njira yaitaliyo, nthawi zina mpaka pamachita ayezi. Ndipo inu amene munaika distributor ya Bosch 009 pa 34 PICT-3, galimoto n'kumatsamwa mukaponda moto, musainamizire kabureta, imeneyo imafuna distributor yokokedwa ndi vacuum, mphamvu imene injini imakokera mpweya. Mwamva bambo? Petulo wodontha amawotcha kunja, wochepa amawotcha mkati, kaya makabureta ndi awiri kaya ndi imodzi.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana pakhomo, ndiye ndithamange. Musanakhudze kabureta, tcherani mavalavu pa 0.15 mm injini ili yozizira, kenako tcherani taimingi isapitirire madigiri 32 injini itathamangitsidwa, paipi ya vacuum itachotsedwa. Yezani mphamvu ya pampu ikhale cha pa 3 psi. Mapaipi akale a nsalu atayeni, chifukwa ethanol wa m'petulo wamasiku ano amadya labala yakale, ndipo paliponse polumikiza mangani kilampu. Sefa ichoke m'chipinda cha injini, ipite pafupi ndi potulukira pa thanki. Kapaipi kamkuwa kaja kagwedezeni ndi zala, kakasuntha kasintheni ndi kamazinga. Onani ngati manifold sikuba mpweya. Jeti sinthani imodzi pa nthawi, muyende ulendo wokwera mtunda, muone mapulagi: akayera mbuu, petulo wachepa, bwererani ku jeti yaikulu. Malata onse ozungulira injini ndi labala yotseka m'mbali zibwerere m'malo mwake. Chozimitsira moto cha ufa chikhale pafupi ndi mpando wa dalaivala, pamene dzanja lingafike musanatsike.